Thawulo la Aphunzitsi Okitsu

Nyimbo zaphokoso zija zotchedwa panki m'chigwa chathu chino cha Kamihata ndinabweretsa ndine. Ndinazisenza pamsana kuchokera ku Tokyo, wapansi, masiku khumi ndi anayi, ndipo nditafika pamlatho wa kumunsi ndinangokhudza chingwe chimodzi cha gitala, nsomba zonse za mumtsinje n'kuyandama chagada. Agogo atatu ogontha anayamba kumva tsiku limenelo, ndipo mmodzi wakumva bwinobwino anagontha.

Mukafunsa aliyense wa kuno akuuzani kuti limeneli ndi bodza, ndipo akhala akunena zoona. Ku Tokyo ndinapitako kamodzi, pa basi, ku maliro a mlamu wanga, ndipo ulendo wonse ndinagona. Gitala sindidziwa n'komwe kumutu kwake. Amene anabweretsa phokoso kuno ndi mwana wa mchemwali wanga, Chigusa Habara, ndipo nkhani ino ndi yake.

Lero Chigusa ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Amayendetsa kagalimoto ka kampani yochapa zovala. M'mawa amatola zofunda zakuda m'nyumba zogona alendo ndi m'nyumba zosungirako okalamba, masana n'kubweza zoyera, zopindidwa bwino ngati makalata. Amavala kapusi yotuwa. Khutu lake lakumanja limamva mwa apo ndi apo, choncho ukafuna kumupempha kanthu umaima kumanzere, ukafuna kumunena umaima kumanja. Mabowo a ndolo khumi ndi limodzi amene anali m'makutu mwake anatsekeka onse. Okalamba a m'nyumba zija amamukonda chifukwa amalankhula mokweza, ndipo amayesa amatero chifukwa cha ulemu.

Pa zaka makumi awiri ndi zisanu sanali chonchi. Mutu anali atameta mbali zonse ziwiri, pakati n'kusiya lipombo ngati la tambala, lobiriwira, loimitsidwa ndi sopo ndi madzi a shuga. Linali lalitali moti akakwera galimoto ankayendetsa mutu uli kunja kwa zenera, ndipo chilimwe china njuchi zinamangamo chisa, tinafula uchi mabotolo awiri. Bandi yawo inali ya anthu atatu ndipo dzina lake linali Mano Atatu. Chigusa ankaliza gitala ndi kuimba, ngati kukuwa kuja tikutcha kuimba. Yae, mtsikana wachete wogwira ntchito ku positi, ankaliza gitala ya besi. Rokuro, wothira mafuta pa malo omwetsera galimoto, ankamenya ng'oma ngati zinamulakwira. Nyimbo zawo zinali zazifupi, zothamanga, zotukwana aliyense kuyambira a boma mpaka wogulitsa matikiti a sitima. Ine ndinkamuuza kuti akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, nanga iwe wasankha kulephera zonse ziwiri bwanji? Ankandigenda ndi silipasi.

Zaka zisanu anaimba m'timabala ta pansi pa nthaka mumzinda, ulendo wa maola awiri kuchokera kuno, pamaso pa anthu khumi kapena khumi ndi awiri, theka la iwo a mabandi ena odikira nthawi yawo. Kwawo kuno anali asanaimbepo. Ndiye chaka chimenecho Rokuro anapeza ntchito pa fakitale ku Nagoya, yoyamba Lolemba lomaliza la Seputembala, ndipo onse atatu anadziwa kuti akapita iye, bandi yatha. Chigusa ankafuna chinthu chimodzi chokha: kuimba kamodzi m'chigwa chimene anabadwira, Mano Atatu asanaguluke.

Mwayi unabwera ndi a Bunta Shiomi, mwini kanyumba ka khofi pafupi ndi siteshoni, munthu wa ndevu zambuzi ndi mtima wa nkhuku. Iwo anapempha holo ya sukulu ya pulayimale, yomwe inali itatsekedwa chifukwa ana anatha m'chigwa muno, kuti achitiremo chikondwerero cha mabandi ang'onoang'ono osadziwika. A ku ofesi ya tauni anavomera atawazunguza miyezi inayi. Anati zonse zithe isanalire nyimbo ya faifi koloko ya pa chimkuzamawu cha tauni, ndipo nsapato isaponde pansi pa holo. Koma lamulo limene linkawasowetsa tulo a Bunta linali lakuti woyandikana ndi sukulu mmodzi yekha akadandaula, magetsi azimitsidwe pomwepo, ndipo chaka chamawa asadzabwerenso kudzapempha.

Kuno munthu sukhoma ngakhale msomali usanazungulire makomo kupepesa phokoso. Choncho a Bunta anagula timatawulo toyera makumi anayi ndi titatu, kamodzi pa nyumba iliyonse yozungulira sukulu, kalikonse kokulungidwa ndi kapepala kolembedwa dzina la chikondwerero, n'kugawira oimba nyumbazo. Masabata atatu tinaona zodabwitsa m'misewu yathu: anyamata a maunyolo m'chiuno ndi minga m'mapewa, amene nyimbo zawo zimati dziko lipse, ataima pamakomo a anthu miyendo pamodzi, akuwerama mpaka maunyolo kukhudza pansi.

Chigusa anapatsidwa nyumba zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi zitatu anazimaliza tsiku limodzi.

"Iwe si mwana wa a Habara iwe?" anatero bambo wina wopuma pantchito ya sitima, atalandira kathawulo. "Mutuwo unachita ngozi?"

"Ayi, bambo, ndi fashoni."

"Amayi ako akudziwa?"

"Amandithandiza kupaka sopo."

"Ha! Chabwino. Kaphokosereni. Ine mkazi wanga wakhala akundichitira phokoso zaka makumi anayi, thawulo sanandipatsepo."

Nyumba yachisanu ndi chinayi inali ya Aphunzitsi Okitsu. Mayi ameneyu anaphunzitsa nyimbo pasukulu ija zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo aliyense m'chigwa muno anadutsa m'manja mwawo, ine ndemwe. Kutalika kwawo ankafika m'chiuno mwa munthu wamba, koma akakuyang'ana unkakumbukira machimo amene unali usanachite. Chigusa ali m'kalasi yachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti kwaya ya sukulu ipite ku mpikisano, Aphunzitsi anaimitsa piyano, n'kumuloza ndi kandodo pamaso pa anzake onse. "Habara, mawa iwe uzingoyasamula. Mawu usatulutse." Ndipo mwana anayasamuladi nyimbo zitatu zathunthu, amayi ake ali pampando wakutsogolo akuombera m'manja.

Tsopano Chigusa anaima pageti la nyumba ija, kathawulo m'manja, chala chili pa belu. M'kati munkamveka wailesi. Anaima pamenepo mpaka mwendo unachita dzanzi. Kenako anaika kathawulo m'kajumbo ka pulasitiki, n'kukapachika pachogwirira cha geti, n'kuchoka chothamanga chosacheuka. Madzulo a Bunta atamufunsa, anati, "Zatheka zonse," ndipo iwo anachonga papepala lawo.

Tsiku lake linali Lamlungu, anthu atangomaliza kudula mpunga, m'minda muli utsi wa mapesi. Panabwera anthu zikwi zinayi. Chigusa amati makumi asanu ndi atatu, koma iye anali pansanja, magetsi akumuthobwa m'maso. Pakhomo pa holo panali chipwirikiti, chifukwa jombo za anthu a panki zimakhala ndi zingwe mpaka m'maondo, ndipo aliyense ankakhala pansi kotala la ola akumasula, akutukwana chapansipansi. Jombozo anazindandalika bwinobwino, zala zake zoloza kunja, monga tinaphunzirira. M'kati anawapatsa masilipasi obiriwira a ana a sukulu, chidendene chonse chili panja. Amene anawakana anavina ndi masokosi pansi popakidwa polishi, ndipo akati alumphe kugundana monga amachitira, ankangotsetsereka mpaka kukhoma, phi! Mnyamata wina wonenepa anatsetsereka kuchokera pansanja, kutulukira khomo lakumbuyo, mpaka pano sanabwerere.

Mabandi anali asanu ndi anayi, iliyonse mphindi makumi awiri. Mano Atatu anawaika kumapeto, poti anali eni mudzi: kuyamba itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane faifi, kumaliza faifi yeniyeni. Chigusa anakwera pansanja m'masilipasi ake a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, lipombo lili njo. Anayang'ana holo imene anayasamuliramo kale, anaona amayi ake ataima kumbuyo atatseka kale makutu. Rokuro anagunditsa timitengo kanayi. Anayamba.

Anaimba theka la mphindi. Kenako magetsi anangoti thi. Gitala inasanduka thabwa, mawu a Chigusa anatsala okhaokha m'malere ngati a mbuzi yomangidwa. Rokuro, poti ng'oma sizidya magetsi, anapitiriza yekha maso ali chitsinzinire, mpaka Yae anamuponda phazi.

Pakhoma, pafupi ndi bokosi la magetsi, panaima a Bunta, nkhope ili mbuu. Pakhomo panaima Aphunzitsi Okitsu, zaka makumi asanu ndi atatu, atavala masilipasi awoawo amene anabwera nawo m'chikwama. Dzanja lina ndodo, dzanja lina kajumbo ka pulasitiki. M'holo monse munali zii.

"Ndinapeza ichi pageti panga masabata atatu apitawo," anatero, osakweza mawu. "Ndimayesa wina anataya. Ndadikira mwini wake, sanabwere."

A Bunta anawerama mpaka ndevu zinasesa pansi. "Aphunzitsi, pepani, pepani kwambiri, cholakwa ndi changa, ine ndi amene..."

"Shiomi, iwe unkalira ukapatsidwa chitoliro. Sungapachike chinthu pageti panga. Nyumba yanga anapatsidwa ndani?"

Chigusa anavula gitala, n'kuigoneka pansi. Anatsika pansanja, masilipasi akulira phwa, phwa, phwa, anthu akumupatukira.

"Ndine, Aphunzitsi."

Anamuyang'ana kuyambira kumapazi, pang'onopang'ono, mpaka kunsonga kwa lipombo.

"Habara. Mzere wachiwiri, pafupi ndi zenera. Mutuwo ndi matenda kapena n'dala?"

"N'dala, Aphunzitsi."

"Ndiye palibe mankhwala."

Wina kumbuyo anaseka, Aphunzitsi n'kutembenuza maso okha, kusekako kunafera m'kamwa. Chigusa anagwada pomwepo, manja pansi, n'kuyamba kupepesa mothamanga ngati nyimbo zake zomwe. Maso ake anali pa wotchi yaikulu ya pakhoma.

"Dzuka. Pano si pakhomo panga. Moni wa pakhomo amaperekera pakhomo."

"Aphunzitsi," anatero a Bunta, "nthawi yake ndiye..."

"Nthawi munali nayo masabata atatu."

Anamupatsira Chigusa kajumbo kaja, n'kutembenuka. Chigusa anawatsatira, ndipo chifukwa cha changu anatsala pang'ono kuponda panja ndi masilipasi a m'kati. Aphunzitsi anangotsokomola kamodzi. Mwana anabweza phazi m'malere, n'kulowetsa miyendo m'jombo zake osamanga zingwe.

Kuchokera pasukulu kufika kunyumba ija ndi mtunda woti mwana amathamanga mpweya umodzi. Koma Aphunzitsi ankayenda ndi ndodo, ndipo sungapitirire mphunzitsi wako panjira. Nkhono ina inawadutsa, inakafika, inabwerera, n'kuwapeza ali pomwepo. Chigusa amati ankawerenga mapazi awo ngati kugunda kwa ng'oma, ndipo phazi lililonse ankamva nyimbo imodzi ikugwa pamndandanda wawo. Anali atakonza nyimbo khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pofika pa sitolo yotsekedwa ya mabuku zinatsala khumi ndi ziwiri. Pamenepo Aphunzitsi anaima kuti azule kaudzu kamene kanamera m'mphepete mwa msewu.

Atafika, Aphunzitsi analowa, n'kutseka geti, n'kulowa m'nyumba, n'kutsekanso chitseko. Chigusa anatsala panja ndi kajumbo kake. Anamvetsa. Anachotsa kathawulo m'kajumbo, anakawongola, n'kudina belu.

Panapita kanthawi.

"Ndani?"

"Ndine Habara, wa chikondwerero cha nyimbo cha kusukulu."

"Habara uti? A Habara ndi ambiri."

"Chigusa, Aphunzitsi. Mzere wachiwiri."

Chitseko chinatseguka. Chigusa anawerama, lipombo n'kugunda pamwamba pa khomo, n'kuthyokera kumanzere. Ananena mawu onse monga amanenedwera: kuti pepani kukusokonezani muli otanganidwa, kuti tsiku lakutilakuti pakhala phokoso kusukulu kuyambira nthawi yakuti, kuti tikudziwa tikuvutitsani, kuti kanthu aka n'kachabechabe koma landirani. Anapereka ndi manja awiri.

Aphunzitsi sanatambasule dzanja. "Zolembazo zaloza kwa ndani?"

Chigusa anayang'ana. Kapepala kanali koloza kwa iye mwini. Anakatembenuza, n'kuyambiranso mawu onse kuchokera pachiyambi, thukuta losakanikirana ndi sopo likutsikira m'maso. Ulendo uno Aphunzitsi analandira.

"Mwavutika kubwera," anatero Aphunzitsi, monga amayankhira aliyense. "Phokosolo litha nthawi yanji?"

"Faifi koloko."

"Nanga ukuchedweranji pano?" Kenako, Chigusa akutembenuka: "Habara. Ndamva pang'ono paja. Ukuimbabe ndi pakhosi. Mawu amachokera pamimba."

Mmene anathamangira pobwerera, fumbi lake linakagwa Lachitatu. Ubwino wa jombo zosamanga ndi wakuti zimavuka msanga: anangozikutumula pakhomo, imodzi uku ina uko, Yae n'kudzazindandalika pambuyo pake. Anthu onse anali chikhalire pansi mwakachetechete, mawondo m'manja, ngati ana odikira msonkhano wa m'mawa. Wotchi inkati kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri.

"Alandira?" anafunsa a Bunta, dzanja lili pa bokosi la magetsi.

"Yatsani!"

"Tiyambe iti?" anakuwa Rokuro.

"Zonse! Osapuma pakati!"

Anaimba nyimbo zisanu ndi zitatu m'mphindi zisanu ndi ziwiri, imodzi kulowa m'inzake ngati mabogi a sitima. Palibe anamva liwu ndi limodzi lomwe, koma sizinali zachilendo. Lipombo lothyoka linkamumenya patsaya. Chingwe chimodzi cha gitala chinaduka pa nyimbo yachitatu, sanaime. Anthu a masokosi anatsetsereka, anagundana, anadzutsana mopepesana, n'kugundananso. Ndikamufunsa Chigusa kuti ankaganiza chiyani nthawi imeneyo, amati palibe, ankangoyesa kutulutsa mawu pamimba, ndipo zinkamupsetsa mtima kuti zinkathekadi.

Ali pakati pa nyimbo yachisanu ndi chinayi, chimkuzamawu cha tauni chinayamba kanyimbo kake ka faifi koloko, kaja kouza ana kuti azipita kwawo. Chigusa anagwira zingwe ndi chikhatho. Rokuro anagwira mbale zake zachitsulo. Anthu anaima chilili, akupuma mwawefuwefu, mpaka kanyimbo kanatha. Kenako a Bunta anagawa nsanza, ndipo aliyense, wa minga ndi wa maunyolo yemwe, anagwada n'kukolopa holo mzere umodzi, kuchokera khoma ili kukafika lina.

Rokuro anakwera sitima m'mawa mwake. Yae anakwatiwa ndi mnzake wa ku positi, ali ndi ana awiri, ndipo gitala yake ya besi amayanikapo matewera a mdzukulu wa mlamu wake. Mano Atatu sanaimbenso. Chikondwerero chinachitika zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka denga la holo linayamba kudontha, ndipo chaka chilichonse wopempha kukapereka thawulo kunyumba ya Aphunzitsi Okitsu anali Chigusa, ngakhale sankaimbanso. Tsitsi anali atalisiya kuti likule ngati la anthu. Aphunzitsi anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi.

Sabata yatha ndinamupeza Chigusa ataimika kagalimoto kake pansi pa mlatho, akudya mpunga ndi nsomba ya mchere m'kabokosi kake ka masana. Ndinakwera, ndinakhala kumbali ya khutu labwino, n'kumuwerengera zonsezi. Za nsomba zoyandama anangopukusa mutu. Za njuchi anati, "Botolo limodzi, malume," n'kupitiriza kutafuna. Za anthu zikwi zinayi anangochotsa munga mu nsomba yake. Koma nditafika pa mawu aja a pamimba, anasiya kudya, n'kuyang'ana kunja nthawi yaitali.

"Sindidziwa ngati anamvako ngakhale imodzi," anatero.

Ndiye ine, poona nkhope yake, ndinati, "Iwe, pali chinthu sindinakuuzepo zaka zonsezi. Tsiku lija, iwe utathamanga, ine ndinadutsa kunyumba kwawo. Ndinawaona ndi maso angawa. Anatsegula zenera loyang'ana kusukulu, anakhala pampando, thawulo lako lili pamiyendo. Anamvera zonse zisanu ndi zitatu. Chala chikugunda pa ndodo, chonchi. Pomaliza anapukuta m'maso ndi thawulo lomwelo."

Chigusa anatseka kabokosi kake, n'kukamanga ndi kansalu, mfundo ziwiri.

"Zenera liti, malume?"

"Lalikulu lija. Loyang'ana kusukulu."

"Lotseguka?"

"Lotseguka kuti mbee."

"Malume, mukudziwa chifukwa chake ndinabwerera kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, osati zisanu ndi zinayi? Ndisanafike pageti anandiitananso. Anati popeza wabwera, nditsekere zitseko zamatabwa za mazenera onse a mbali ya kusukulu, ndikufuna kumva zanyengo pa wailesi. Zinali zisanu ndi chimodzi, ndipo chomaliza chinkakakamira. Ndinatseka ndekha ndi manja awa. Tsikani, ndikuchedwa kukapereka zofunda."